Indekisi Imene Inafikitsa Mbewu kwa Amayi Anga

Abusa athu, akulu a mpingo, amayi, abambo, abale ndi alongo nonse, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ameni? Ameni yanuyo yafooka ngati ya anthu amene sanamwe tiyi. Ameni? Eya, imeneyo ndiye yafika.

Ndaima pano kuti ndichitire umboni, ndipo umboniwu ndausunga nthawi yaitali, wayamba kundiwotcha. Ndikuchenjezeni msanga kuti muli mawu a makina m'menemu. Inu a benchi lakumbuyo, ndikukuonani, musagone. Ndiyesetsa kulankhula kuti aliyense amve, chifukwa zimene Mulungu anandichitira anazichitira m'kati mwa kompyuta.

Ambiri mumandidziwa kuti ndine mayi uja wa makompyuta. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina la alimi konkuno ku Katete. Chaka chilichonse mvula isanayambe, bungweli limagawa mbewu kwa mamembala ake, mtedza ndi soya. Ntchito yanga ndi kusunga mayina. Timawasunga m'chinthu chotchedwa databesi. Inu ingoiganizirani ngati nkhokwe yaikulu imene ili m'kati mwa laputopu. Mlimi aliyense ali ndi mtolo wake m'nkhokwemo. Muli dzina lake, mudzi wake, mbewu imene analembetsa, chithunzi cha nkhope yake, chithunzi cha reji yake, chiphaso cha boma chija, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka chithunzi cha munda. Ndi mtolo wolemera ndithu. Ndipo lamulo la bungwe ndi lakuti munthu salandira mbewu mpaka dzina lake lipezeke n'kuchongedwa, chifukwa kale ena ankalandira kawiri, anzawo n'kubwerera chimanjamanja.

Kwathu ine ndi kuseri kwa Vubwi, kufupi ndi malire. Amayi anga ali konko, amalima mtedza, ndipo nawonso ndi membala wa bungwe lathuli. Amene munafikako mukuudziwa msewu wake. Mvula ikangogwa kawiri katatu, lole sipitanso. Ndiye mbewu timapita nayo ulendo umodzi wokha pa chaka, tsiku limodzi. Kumene timagawirako kulibe malaiti. Zimene tili nazo ndi batire la laputopu ndi lina losinthira, basi.

Tsopano ndiulule tchimo langa, chifukwa umboni wopanda tchimo la mwini wake ndi matama chabe. Ndisanalembedwe ntchito ine, mayina ankasunga ndi a Sakala, bambo achikulire amene akhala pa bungwepo kuyambira nthawi ya mafayilo a pepala. A Sakala anali ndi kabuku kawo ka m'thumba la shati, kakuda bii ndi thukuta, momwe ankalembamo mayina a alimi ndi tina ndi tina. Ine nditabwera ndi setifiketi yanga ya ku Chipata, ndinkadzimva, abale. Ku koleji anatiphunzitsa kuti chinthu chimodzi chilembedwe pamalo amodzi, ukachilemba pawiri tsiku lina malo awiriwo adzatsutsana. Ndiye pa msonkhano, pamaso pa abwana ndi antchito onse, ndinanena kuti kabuku ka a Sakala ndi kamene kamabweretsa chisokonezo. Ndinawalanda, n'kukatsekera m'dirowa yanga. Munthu wamkulu ngati bambo anga. Iwo anangoti, "Chabwino, mayi," n'kupita kukawerenga matumba ku sitolo.

Zaka ziwiri zapitazo ndi pamene tinapita ku Vubwi koyamba ndi laputopu. Ndinavala bwino tsiku limenelo, nsapato zazitali, tsitsi lokonza, kuti kwathu aone. Tinaika tebulo pabwalo la sukulu, anthu anafola mzere wautali kuzungulira mpaka kuseri kwa makalasi. Woyamba anabwera, ati ndine Banda. Ndinalemba Banda. Kompyuta inayamba kulira m'kati, kamkombero ka pagalasi lake kakungozungulira, kakungozungulira. Mphindi imodzi, ziwiri, zinayi. Dzina linabwera. Wachiwiri, Phiri. Ameneyo ndiye anachita kukhala pansi. Akabwera munthu wa dzina losowa, limatuluka msangamsanga. Akabwera Phiri kapena Banda, kompyuta imachita ngati yakomoka. Ndipo inu mukudziwa kuno kwathu. Tatiyeni tiyese, a Phiri ndi a Banda muli muno imikani manja. Mwaona? Abusa, nanunso? Ndiye taganizani maboma atatu, Katete, Sinda ndi Vubwi, onse m'nkhokwe imodzi.

Wina afunsa kuti bwanji osafufuza ndi dzina la mudzi. Abale, chikamwini. Bambo analembetsa ali kwawo, lero akukhala kwa akazi awo, ukawafunsa akutchula mudzi wa apongozi. Bwanji dzina loyamba? Munthu mmodzi ali ndi la ubatizo, la kumudzi, ndi la pa reji, ndipo amayi ambiri ukawafunsa amangoti ndine Naphiri, n'kuseka. Reji yeniyeniyo ambiri amaisiya m'sutikesi kuopa kutaya. Chokhacho chimene sichisintha ndi mfunda. Ndiye kompyuta inkayenera kuona a Phiri onse kuti tisankhepo mmodzi, panalibe kuchitira mwina.

Anthu anayamba kuseka, ati makinawa amadana ndi a Phiri. Kenaka kuseka kunatha. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Ine pakamwa panga mawu anali amodzi okha, dikirani pang'ono, dikirani pang'ono. Laputopu inatentha moti sukanaiika pamiyendo. Batire loyamba linatha masana. Lachiwiri linatha cha m'ma fili koloko. Galasi linangoti bii, anthu oposa theka akadali pamzere.

Amayi anga anali kumapeto kwenikweni. Anasankha okha kuima kumeneko, kuti pasapezeke wonena kuti mwana wawo wawakondera. Abwana atalamula kuti lole itsekedwe, amayi anayenda pang'onopang'ono kuchoka kumapeto kuja mpaka pa tebulo langa. Anayang'ana laputopu yozimayo, n'kundiyang'ana ine. Sanakweze mawu. Anangoti, "Sukulu ija tinagulitsira ng'ombe ndi imeneyi?" Ndipo anatembenuka n'kumapita.

Abale, sabata yomweyo mvula inagwa, msewu unaduka. Ndinapeza mbewu ina kuno ku Katete n'kuitumiza kwa amayi pa njinga yamoto. Inabwerera ndi njinga yomweyo. Uthenga wake unali wakuti iwo sangabzale mbewu yabwino pamene anzawo amene anapsa nawo ndi dzuwa pamzere alibe. Anabzala totsalira ta chaka chinacho, tofumbwa, theka sitinamere. Chaka chimenecho kwathu mtedza kunalibe. Ndikaimba foni, amayi amayankha moni, n'kupereka foni kwa mlongo wanga. Nditapita ku maliro a malume, ndinamva azimayi kuseri kwa nyumba akunong'onezana kuti a Dikirani Pang'ono afika. Mukuseka, sekani, nanenso lero ndimaseka. Koma tsiku limenelo ndinalira kuposa anamfedwa, ndipo anthu ankayesa ndikulira malume.

Chaka chonse ndinalimbana nayo kompyuta ija. Ndinapempha laputopu yatsopano, abwana anati palibe. Ndiye ndinayamba kuwonjezera ma indekisi. Ndifotokoze, amayi, musachite tsinya. Indekisi ndi mndandanda waung'ono wosanjidwa bwino, umene umauza kompyuta kuti mtolo wa uje uli pakona iti ya nkhokwe. Ndinali nayo kale ya mfunda. Ndinawonjezera ya mudzi, palibe chinasintha. Ndinawonjezera ya dzina loyamba, palibe. Kompyuta inangonenepa, kuchedwa kuli pomwepo. Mukukumbuka miyezi ija ndinkaima pano n'kumapempha kuti mundipempherere pa nkhani imene sindingaitchule? Ena munkaganiza kuti ndi za banja. Ndinamva, amayi, zinandipeza. Sizinali za banja, amuna anga ndi awo akhala apowo, tili bwinobwino. Ndinkachita manyazi kunena kuti mpingo upempherere databesi.

Okutobala wa chaka chatha anafika. Kunatsala sabata imodzi kuti tipitenso ku Vubwi, ndi laputopu yomweyo, mabatire omwewo, ndipo a Phiri atawonjezekera. Ndinkadziwa kuti zikachitikanso, amayi anga akhala chaka chachiwiri opanda mbewu, ndipo ine kwathu ndiye kwatha. Lachitatu m'mawa ndisananyamuke ndinagwada pafupi ndi bedi. Mawu okongola ndinalibe. Ndinangoti, Ambuye, nzeru zanga zathera pano. Ngati muli ndi njira, ndionetseni, ngakhale idzere kumene sindikufuna. Samalani ndi pemphero limenelo, abale, chifukwa amayankha momwemo.

Cha m'ma teni koloko kunabwera mlimi wina wa ku Sinda kudzafunsa ngati dzina lake lilipo. Phiri. Ndinalemba, kamkombero kanayamba ntchito yake. Ndikudikira choncho, ndinamva mawu pakhomo akuti, "Alipo amenewo. Soya. Analembetsa kwawo, koma akukhala kwa akazi awo." Kutembenuka, ndi a Sakala, kabuku kali m'manja. Kena katsopano. Kani nditawalanda kaja, iwo anagula kena n'kuyambiranso kulemba mwakachetechete. Mlimi uja anathokoza n'kutuluka, anafika mpaka pamsewu, kompyuta yanga ikadazungulirabe.

Choyamba chimene chinabwera ndi mkwiyo, sindinama. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakalipire. Koma china chake chinandigwira lilime, ndipo m'malo mwake ndinamva pakamwa panga pakutuluka funso. Ndinawafunsa kuti ayankha bwanji msanga chotere osapita ku mashelefu a mafayilo.

A Sakala anakhala pampando, n'kusisita maondo awo. Anandiuza kuti atangoyamba ntchito anali ndi mndandanda wa mayina ndi nambala ya shelefu basi. Akabwera Phiri, amaona pamndandanda, n'kunyamuka kupita ku shelefu, kutsitsa fayilo, kutsegula, si ameneyu, kubweza. Kubwerera pamndandanda, Phiri wachiwiri, ku shelefu, si ameneyu. Tsiku lonse kuyenda. Kenaka anazindikira kuti mafayilo ndi onenepa, koma zimene amakafunamo ndi zomwezomwezo tsiku lililonse, zinthu zinayi kapena zisanu. Ndiye anati, "Ndinangozilemba pambali pa dzina, mayi. Yankho likakhala m'kabuku, ku shelefu ndikatengako chiyani? Ndimapitako kamodzi, ndikadziwa kale kuti munthu wake ndi uyu."

Abale. Abale inu. M'ofesi munali phokoso la njinga zamoto za pamsewu, koma kwa ine kunangoti zii. Ndinakumbuka tsiku lina ku koleji, masana kukutentha, mphunzitsi akunena za chinthu chotchedwa kavaringi indekisi, ine ndikusinza. Ndinachilemba pa mayeso, ndinakhoza, n'kuchiiwala. Mulungu anachisunga zaka zonsezi m'thumba la shati la munthu amene ndinamunyoza.

Pali njira youzira kompyuta kuti ikuonetse mmene imayendera ikamafuna munthu. Chaka chonse ndinali ndisanaifunse bwinobwino, ndinkangoiunjikira ma indekisi ngati munthu womwa mankhwala asanapimidwe. Tsiku limenelo ndinaifunsa. Zimene inandionetsa ndi zomwe ankachita a Sakala ali mnyamata. Ikupita pa indekisi ya mfunda, ikupeza Phiri woyamba, koma pa indekisipo pali dzina ndi malo chabe. Ndiye ikuthamangira ku nkhokwe, ikumasula mtolo, ikudutsa zithunzi zonse zija kuti ione mudzi ndi mbewu, ikubwerera. Phiri wachiwiri, ku nkhokwe. Wachitatu, ku nkhokwe. A Phiri zikwizikwi, maulendo zikwizikwi, chifukwa cha munthu mmodzi amene waima patsogolo panga. Ndipo disiki ya laputopu yathu, momwe mumakhala nkhokweyo, ndi yakale ija yozungulira, ulendo uliwonse imachita kukasaka malo. Kulira kuja kunali kumeneko. Batire linkathera pa maulendo.

Ndinakokera mpando pafupi ndi a Sakala, n'kuwapempha kuti anditsegulire kabuku. Ndinakopera mitu yake momwe inalili. Mfunda poyamba, chifukwa ndi umene timafufuzira. Kenaka mayina ena onse a munthuyo, mudzi wa kwawo, mudzi umene akukhala, mbewu yake, ndi poonetsa ngati walandira. Ndinauza kompyuta kuti ipange indekisi yonyamula zonsezo. Ndiye dzina lija la kavaringi indekisi limatanthauza zimenezo, indekisi imene yakwanira funso lonse, moti kompyuta ikafunsidwa sipitanso ku nkhokwe. Mtima wadyera unandigwira, ndinati bwanji ndiikemonso zithunzi. A Sakala anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndikaika zonse, kabuku kasanduka shelefu, ndipo sikalowanso m'thumba. Ndinazisiya zithunzi.

Kompyuta inatenga kanthawi ikumanga indekisi ija, ikulira ngati kale. Kenaka inakhala chete. Ndinalemba Phiri. Chala changa chisanachoke pa batani, a Phiri onse anali pagalasi, aliyense ndi mudzi wake ndi mbewu yake.

Ndinaganiza kuti yawonongeka. Zoona, ndinati izi ndi zabodza. Ndinalemba Banda. Pompo. Mwale. Pompo. Ndinati mwina yangosunga m'mutu zimene yaona posachedwa, pakuti makompyuta amatero. Ndinaizimitsa, kudikira, kuiyatsanso, kuti iiwale zonse. Phiri. Pompo, abale, ndipo mopanda phokoso. Ndinaifunsanso kuti indionetse njira yake. Ulendo wa ku nkhokwe uja panalibe. Inkapitako kamodzi kokha, ndikasankha munthu, kukatenga chithunzi chake ndi kumuchonga. Laputopu yomweyo. Disiki yomweyo yakale. Palibe chimene tinagula, palibe chimene chinabwera kuchokera ku Lusaka. Ndinatsika pampando n'kugwada pa simenti ya ofesi, ndipo chimene ndinamva sichinali chimwemwe poyamba, anali mantha. Ndinachita mantha ndi Mulungu amene anamva pemphero la m'mawa n'kuyankha tiyi wa teni koloko asanazizire.

Ndipo tamverani ichi, chifukwa ndi chimene chinandimaliza. Nkhawa yanga ija, yakuti chinthu cholembedwa pawiri chidzatsutsana, inali yoona pa kabuku ka pepala. Koma indekisi kompyuta imaisamala yokha. Ukasintha mudzi wa munthu m'nkhokwe, iyo imasinthanso pa indekisi nthawi yomweyo. Mtengo wake ulipo, sindikubisirani. Imadya malo, ndipo polembetsa mlimi watsopano imachedwerako pang'ono chifukwa ikulemba pawiri. Koma kulembetsa timachita mu ofesi muno, pali malaiti, pali mthunzi, palibe amene akupsa ndi dzuwa. Ma indekisi ena aja ndinaunjika opanda ntchito ndinawachotsa. Kenaka ndinatsegula dirowa, ndinatulutsa kabuku kakale kaja, ndipo ndili chigwadire ndinawabwezera a Sakala ndi manja awiri, n'kuwapepesa. Mawa lake ndinawapepesanso pa msonkhano, pamaso pa onse amene anamva ndikuwanyoza.

Mukuganiza kuti umboni wathera pamenepa. Dikirani pang'ono. Eya, sekani.

Tsiku la ku Vubwi linafika. Ndinapempha kuti a Sakala apite nafe, ndipo abwana analola. Tinaika tebulo pabwalo lomwe lija. Mzere unayamba kuyenda ngati anthu akulowa m'tchalitchi. Munthu akutchula mfunda, ine ndikuwerenga mudzi wake iye asanamalize kulankhula, akudabwa, akulandira, wina akubwera. Onyamula matumba ndi amene anayamba kudandaula kuti tichepetse liwiro. Koma maso anga sanali pagalasi pokha. Ndinkangoyang'ana kumapeto kwa mzere. Mzerewo unali waufupi kuposa chaka chija. Nkhope za kumudzi kwathu sindinazione. Leveni koloko isanakwane tinali titamaliza, batire loyamba lisanafike ndi theka lomwe, m'lole mukadali matumba ambirimbiri. Amayi anga sanabwere.

Mayi wina wa mudzi woyandikana nafe ndi amene anandiuza. Anati anthu a kwathu anapangana kuti sangayendenso mtunda wonse uja kukaotha dzuwa pachabe, bola tsikulo alimire. Ndinati Ambuye, mwandipatsa liwiro lonseli kuti ndithamangire ndani? Abwana anayang'ana kumwamba, mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Mozambique, ndipo anati titseke tizipita mvula isanatitsekere. Ine ndikanapempha bwanji kuti lole ipite kumudziko, mudziwo ndi wa kwathu, aliyense akanati ndikukondera.

Amene analankhula ndi a Sakala. Anauza abwana kuti chaka chija tinachoka pamenepa dzuwa litapendeka, lero likadali pamutu, ndiye maola amenewa si athu, ndi a anthu amene tinawabweza. A dalaiva nawo anatuluka m'lole, anayang'ana mitambo, n'kunena kuti imeneyo sigwa dzuwa lisanalowe, ndipo msewu wa kumudziko akuudziwa. Abwana anati tikwere.

Tinalowa m'mudzi mwathu lole ikuliza hutala. Anthu anatuluka m'minda akuthamanga, makasu ali pamapewa, osakhulupirira. Tinaika laputopu pa chitseko cha kumbuyo kwa lole. Phiri, pompo. Banda, pompo. Azimayi aja a kuseri kwa nyumba ya maliro analandira, akundiyang'ana chammbali. Mudzi wonse unalandira, ndi midzi iwiri yoyandikana nayo imene inamva hutala. Nditayang'ana pa indekisi, m'mudzi mwathu munatsala dzina limodzi losachongedwa.

Lamulo limati munthu abwere yekha. Ndiye ndinanyamula laputopu n'kulowa njira ya kumunda kwathu. Ndinawapeza amayi akuunda mizere, msana uli kwa ine. Hutala anaimva, mudzi wonse unaimva. Ndinagwada m'dothi momwemo n'kuwapatsa moni. Anayankha osatembenuka. Ndinawauza kuti mbewu yabwera, ili pabwalo. Anakhapa kawiri katatu, kenaka anafunsa, "Anzanga alandira?"

Ndinati, "Alandira onse, amayi. Mwatsala inu nokha."

Sanandikhulupirire. Anayamba kutchula mayina a anzawo amene anaima nawo kumapeto kwa mzere chaka chija, mmodzimmodzi, akadaweramabe. Akatchula, ine ndikulemba, ndikuyankha kuti alandira, mtedza. Akatchula wina, alandira, soya. Anatchula mpaka amayi ena osaona a kutsidya kwa dambo, ndipo ndinawauza kuti mdzukulu wawo wawatsogolera, alandira. Sanadikire yankho ngakhale kamodzi. Mayina atawathera anaweramuka, anaika khasu pansi, anapukuta manja pa chitenje, n'kuyamba kuyenda kupita kubwalo, ine ndili pambuyo. Analandira omalizira, mudzi wonse ukuona.

Lole inaliza injini, a Sakala akundikodola kuti ndikwere. Amayi anali atasenza kale mbewu yawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, koyamba m'chaka chathunthu, ndipo anati, "Vula nsapatozo. Mizere yatsala yambiri, ndekha sindimaliza mvula isanagwe."

Abale, ndinapereka laputopu kwa a Sakala, abwana anangogwedeza mutu kuti tsalani, lole inapita. Ndinavula nsapato. Tinaunda mizere mpaka madontho oyamba, ndipo m'mawa mwake tinayamba kubzala, iwo kutsogolo ine pambuyo. Ndipo amayi analankhula. Analankhula, analankhula, nkhani za chaka chonse zimene anandisungira, amene anabadwa, amene anakwatiwa, mbuzi imene inaswa atatu, mwendo umene unkawavuta ine osadziwa. Ndinakhala masiku asanu. Msewu unaduka, ndinabwerera pa njinga yamoto matope mpaka m'chiuno, ndikuimba njira yonse.

Ine ndaphunzira makompyuta, ndikhoza kukufotokozerani chifukwa chake indekisi ija imathamanga. Koma sindingakufotokozereni amene anatuma mlimi wa ku Sinda Lachitatu lija, amene anaimika a Sakala pakhomo, amene anagwira lilime langa, amene anagwira mvula mpaka madzulo. Zimenezo ku koleji kulibe. Ndimangoima kakasi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sasokoneza Phiri uyu ndi Phiri uja. Ndikuthokoza inu abusa ndi mpingo wonse, munapempherera chinthu chimene simunkachidziwa. A Sakala amapemphera kwina, koma mukakumana nawo pa msika muwagwire chanza m'malo mwanga. Ndipo amayi anga, amene chibadwire sanakwerepo minibasi kubwera ku Katete, anafika dzulo. Akuti akufuna aone kumene mwana wawo amapemphera. Ndi awo akhala kumapeto kwenikweni, pafupi ndi chitseko, avala duku lobiriwira. Amayi, taimirirani akuoneni. Akukana, akuti ndikuwachititsa manyazi. Chabwino, khalani, amayi, tiimirira ndife.

Mpingo wa Mulungu, imirirani nane. Amayi a mumpingo, nthungululu zija mumasungira maukwati zitulutseni lero. A kwaya, ng'oma ilire. Kondwerani nane, abale, chifukwa kwathu chaka chino mtedza tinakolola, ndipo amayi anga akundilankhula. Aleluya. Ameni.